Mau a Mlembi wa Mvano: Za Ana Athu Odwala Matenda a Magazi

Pa tsiku lino lokumbukira zaka za Mvano wathu, tithokoza Mulungu amene watisunga kufikira lero. Anzathu anena kale za chuma ndi za ntchito za manja. Ife tapemphedwa kunena za kuyendera odwala, ndipo tasankha nkhani imodzi imene yatisautsa mtima.

Pa maulendo athu tinafika pakhomo pena pamene tinapeza mwana wa zaka 6 ali gone pamphasa, akulira ndi kuphwanya kwa mafupa. Maso ake anali achikasu, zikhatho zili mbuu. Mai wake anatiuza kuti mkulu wake wa mwanayo anamwalira ndi matenda omwewo, ndipo akuchimuna amanena kuti maiyo ndiye akudya ana ake. Tinapemphera naye, koma tinabwerera ndi manyazi, pakuti enafe tinali titamvako mphekesera imeneyi osaitsutsa. Kuchipatala atayeza magazi anapeza kuti mwanayo ali ndi matenda otchedwa sickle cell. Tsono tinapempha mnzathu wina amene ndi namwino kuti atiphunzitse, ndipo zimene tinamva ndi izi.

M'magazi athu muli tinthu tating'onoting'ono tofiira totchedwa maselo. Ntchito yake ndi kunyamula mpweya umene timapuma ndi kuufikitsa thupi lonse. Chimene chimagwira mpweyawo, ndiponso chimene chimafiiritsa magazi, madokotala amachitcha heme, ndipo pakati pake pali kachitsulo. Heme ili ngati moto. Moto ukakhala pamafuwa umatiphikira nsima, koma khala lomwelo likagwera padenga la udzu, nyumba yapita. Chimodzimodzinso heme: ikakhala m'kati mwa selo ndi yabwino, koma selo likasweka, iyo nkutayikira m'mitsempha, kachitsulo kaja kamayamba kuononga khungu la m'kati mwa mitsempha monga dzimbiri lidyera khasu losiyidwa pamvula. Asilikali a m'thupi amathamangira pamalopo, ndipo pamabwera kutupa, kutentha ndi ululu.

Koma Mulungu sanasiye thupi lopanda osesa. M'magazi momwemo muli zina zimene zimagwira heme yotayika ndi kuitengera kuchiwindi. Chiwindi ndi kapamba zimaiphwanya, iyo nkusanduka yobiriwira, kenaka yachikasu, ndipo kachitsulo kaja kamasungidwa kuti kadzagwirenso ntchito. Tonsefe taziona zimenezi. Munthu akadzigunda, malowo amayamba ada, pakapita masiku abiriwira, kenaka achita chikasu, mpaka atha. Kumeneko ndiko kusesa kwa thupi.

Kwa munthu wabwinobwino selo lofiira limakhala masiku ngati 120. Kwa mwana wa sickle cell maselo amapindika ngati zenga, amatsekereza timitsempha tating'ono, ndipo amasweka pa masiku 10 mpaka 20 okha. Zinyalala zimachuluka kuposa osesa. Ndicho chifukwa chake magazi amachepa, maso amachita chikasu, mafupa amawawa, ndipo ena akamakula amatuluka zilonda za pa akakolo zosapola msanga, pakuti chilonda sichipola bwino pamene magazi sakufika mokwanira ndipo kutupa sikukutha.

Amai anzathu, mvetsetsani apa. Mwana satenga matendawa kwa mai yekha ai. Amabadwa nawo pokhapokha atalandira mbeu yake kwa bambo ndi kwa mai omwe. Makolowo angathe kukhala athanzi, osadziwa kanthu. Onse awiri akakhala ndi mbeuyo, pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe wodwala ndi umodzi mwa 4. M'chaka cha 1954 dokotala wina dzina lake Anthony Allison, amene anafufuza ku East Africa, anaonetsa kuti anthu okhala ndi mbeu imodzi yokha sagwidwa kwambiri ndi malungo. Nchifukwa chake mbeuyi ndi yochuluka m'maiko a malungo monga lathu lino. Si ufiti, si tsempho, si tchimo la mai.

Nanga ife tichitenji? Choyamba, mwana wotere azigona m'neti usiku uliwonse, pakuti malungo nawo amaswa maselo ofiira, ndipo kwa iye ndi oopsa koposa. Chachiwiri, thupi likatentha, kapena mimba ikatupa, kapena zikhatho zikayera, kapena akapuma movutika, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo, tisadikire kuti kuche kawiri. Chachitatu, azimwa madzi ambiri ndipo afunde nthawi yozizira, makamaka mu June ndi July. Chachinayi, asadumphe mankhwala amene a chipatala ampatsa, monga folic acid, penicillin kapena hydroxyurea, ndipo tisamgulire tokha mapiritsi a chitsulo oonjezera magazi popanda mau a dokotala. Chachisanu, tisamteme mphini, ndipo pachilonda tisapakepo dothi kapena phulusa. Inu alangizi, polangiza anyamata ndi atsikana ofuna ukwati, auzeni kuti magazi amayezedwa.

Tinabwerera ku banja lija pamodzi ndi akulu a mpingo awiri ndi namwino uja. Tinakhala pansi ndi ankhoswe a mbali zonse. Sizinali zapafupi, koma bambo anavomera kukayezetsa, ndipo anapezeka kuti nayenso ali ndi mbeuyo. Mwanayo matenda akadali nawo, koma akulandira mankhwala ndipo wayamba sukulu. Mai wake ali pakati pathu lero, atavala yunifolomu yake.

Pa 19 June chaka chilichonse maiko amakumbukira matendawa. Tikupempha kuti nafenso sabata imeneyo tiziyendera mabanja otere, titanyamula kaufa, kasopo ndi ndalama ya ulendo wa kuchipatala. Ndipo tikamva mau onamizira mnzathu, kaya ndi pachitsime kaya ndi pamaliro, tisakhalenso chete monga tinachitira poyamba.

Ambuye adalitse Mvano wathu ndi mabanja anu onse.