Chisankho: kuseri kwa ng'oma ndi zitenje



Kampeni imayamba masiku 45 chisankho chisanafike, ndipo inu nomwe mukudziwa zimene zimachitika. Magalimoto amene simuwaona zaka zisanu amatulukira ku Ntengo-wa-Mbalame, ku Furancungo, ku Chidzolomondo, atanyamula zokuzira mawu, oyimba, zitenje ndi malaya a chipani. Ana kuthamangira fumbi, amayi nthungululu.

Anthu a ku America zoterezi amazitcha dog and pony show, ndiye kuti chionetsero cha agalu ndi timahatchi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, timagulu tamasewera tinkayendayenda m'midzi ya kumeneko, topanda njovu, topanda mikango, tikungoonetsa agalu ndi timahatchi tophunzitsidwa, koma kulengeza kwake ngati kwabwera zodabwitsa. Lero mawuwa amanena msonkhano uliwonse wokometsa kunja pofuna kukopa anthu. M'Chipwitikizi muli mawu akuti showmício, msonkhano wandale wosanduka dansi, ndipo dziko la Brazil linaletsa zimenezi mu 2006. Makolo athu anaziona kale: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikukuletsani kupita. Pitani ku misonkhano ya zipani zonse, vinani ngati miyendo ikufuna. Koma ng'oma zikaleka, funsani. Inu a ku Tsangano, mbatatesi zanu zimaonongeka msewu ukaipa nthawi ya dzinja, kapena mumakazigulitsa motchipa kutsidya, ku Ntcheu. Inu a ku Macanga, mumalima fodya chaka chonse koma mtengo amakuuzani ena. Wofuna voti yanu anene: achita chiyani, liti, ndalama zichokera kuti? Akayankha ndi nyimbo ina, mwamva kale yankho.

Funso lina anthu amaliiwala: kodi zimene akulonjezazo ndi za udindo umene akupempha? Mumalandira mapepala atatu: la pulezidenti, la Assembleia da República ndi la Assembleia Provincial. Kuyambira 2019, bwanamkubwa wa Tete amachokera pa pepala lachitatuli, ndiye woyamba pa mndandanda wa chipani chopambana. Phungu wa ku Maputo ntchito yake ndi kupanga malamulo ndi kuvomereza bajeti. Payekha samanga mlatho.

Tsono za chitenje. Ambiri amaopa kuti poti analandira, ndiye ali ndi ngongole. Ayi ndithu. Voti ndi yachinsinsi. M'kachipinda kovotera mumalowa nokha. Mfumu, mwamuna wanu ngakhale mlembi wa chipani sangaone pamene mwachonga, ndipo palibe angakukakamizeni kuulula.

Koma wina akakupatsani ndalama kuti mumvotere, akakulandani khadi lovotera, kapena mukaona galimoto ya boma ikunyamula anthu kupita ku msonkhano wa chipani, umenewo ndi mlandu. Lembani tsiku, malo ndi nambala ya galimotoyo, mukanene ku Comissão Distrital de Eleições kapena kupolisi, ndipo mupite ndi mboni.