Kompyuta Ikalakwa, Mlandu Ugwera Yani?

Nkhani ya lero ikukamba za anthu a ntchito amene nkhope zawo sizioneka, koma ntchito ya manja awo imafika m'thumba la munthu aliyense. Ameneŵa ndi olemba mapulogalamu a makompyuta. Pulogalamu yotere si imene imamveka pa wailesi ayi. Iyi ndi ndondomeko ya malangizo imene munthu amalemba mzere ndi mzere pouza makina chochita: onkhetsa apa, chotsera apo, sunga ichi, kana icho. Ndalama zikamayenda pa lamya ya m'manja, malipiro akamaŵerengedwa ku ofesi, kapena dzina la wodwala likamafunidwa m'kaundula wa chipatala, makinawo amangotsata zimene munthu wina analemba. Munthuyo akaphonya mzere umodzi, makina amabwereza cholakwacho mokhulupirika, usana ndi usiku. Zimene zinachitika ku Britain zikuonetsa m'mene cholakwa chotere chingayendere, kuchokera pa tebulo la wolemba mpaka kukafika pa khomo la ndende.

M'dziko limenelo, mapositi ofesi ambiri a m'midzi ndi m'matauni aang'ono amayendetsedwa ndi eni masitolo, amene amachita pangano ndi likulu la Positi Ofesi kuti azigulitsa masitampa, kulipira mapenshoni ndi kulandira ndalama za anthu m'sitolo mwawo momwemo. M'chaka cha 1999 likulu linayamba kuŵapatsa makina oŵerengera ndalama otchedwa Horizon, opangidwa ndi kampani ya ICL, imene mwini wake anali kampani ya ku Japan ya Fujitsu. Mabuku a pepala anaikidwa pambali. Posapita nthaŵi, ena mwa anthuŵa anayamba kuona chodabwitsa potseka maakaunti: ndalama za m'kabati zinali zokwanira monga mwa kuŵerenga kwawo, koma makina ankati zapereŵera. Likulu linkaumirira kuti chopereŵera chilichonse achibweze kuchokera m'thumba mwawo, ndipo ambiri amene ankaimba lamya kudandaula ankauzidwa kuti vutolo likuchitika kwa iwo okha.

Cholakwa chimodzi chimene chinadzadziŵika bwino chinapatsidwa dzina la mudzi wa Dalmellington ku Scotland, kumene chinaonekera mu 2015. Wogwira ntchito ankasamutsa mapaundi 8,000 kupita ku nthambi yaing'ono. Makina anaima ngati agona, ndipo iye, monga angachitire munthu aliyense, anadinanso batani. Koma mkati mwake makinawo anali maso, ndipo kudina kulikonse ankakulemba ngati ndalama zina zatsopano zalandiridwa. Mapeto ake maakaunti anasiyana ndi mapaundi 24,000, ndalama zimene palibe anazigwirapo ndi dzanja. Pofufuza, zinapezeka kuti cholakwa chomwechi chinali chitachitikapo kale m'nthambi zina zambiri.

Pakati pa 1999 ndi 2015 anthu oposa 900 anapezedwa olakwa pa milandu ya kuba, chinyengo ndi kulemba maakaunti abodza, umboni waukulu uli manambala a Horizon. Ena anagulitsa nyumba kuti abweze ngongole yosadya, ena maukwati anatha, ena analoŵa m'ndende. Mayi Seema Misra a ku West Byfleet anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 15 m'chaka cha 2010, ali oyembekezera.

Tsono funso nali: kodi cholakwa chotere chimaloŵa bwanji m'makina? Yankho loyamba lili pa malo a ntchito. Bambo David McDonnell, mmodzi wa akatswiri amene anagwira nawo ntchito yopanga Horizon, anafotokozera bungwe lofufuza nkhaniyi mu 2022 kuti mwa anthu asanu ndi atatu a m'gulu limene linkalemba gawo logwiritsidwa ntchito pa kauntala, aŵiri okha ndiwo anali aluso kwenikweni, ndipo atatu kapena anayi sankatha kulemba pulogalamu yoyenera. Kale mu 1998 iye anali atalangiza kuti gawo loŵerengera ndalama lilembedwenso, koma akuluakulu anasankha kumangolizigamba. Wakutsina khutu ndi mnansi, koma mnansi ameneyu sanamvedwe. Vuto lotere amakumana nalo olemba mapulogalamu kulikonse: tsiku lopereka ntchito limaikidwa ndi anthu amene salemba nawo, ndipo nthaŵi ikachepa, choyamba kudumphidwa ndi kuyesa. Pulogalamu yabwino imafuna kuti wolemba akamaliza, mnzake aiŵerenge, ndipo wina aiyese dala ndi zinthu zosayembekezeka, monga kuzima kwa magetsi kapena kudina batani kaŵiri. Ntchito yoyesayi siioneka, siibweretsa ndalama tsiku lomwelo, kotero ndi yosavuta kuichotsa pa ndondomeko.

Liŵiro limene limaononga pulogalamu limaononganso thupi la woilemba. Ntchito imeneyi anthu ambiri amaiyesa yopepuka chifukwa munthu amagwira atakhala pansi, pamthunzi, osatuluka thukuta. Koma kukhala maola ambiri ataŵeramira makina kumapweteka msana ndi khosi, ndipo kubwereza kayendetsedwe kamodzimodzi ka zala tsiku lonse kumayambitsa dzanzi ndi ululu m'manja ndi m'mikono, mwina mpaka munthu kulephera kugwira cholembera. Maso oyang'ana pa galasi loŵala saphethira mokwanira, choncho amauma ndi kulemera. N'chifukwa chake madokotala a maso amalangiza kuti pakapita mphindi 20 zilizonse munthu aziyang'ana chinthu chakutali, cha pa mamita asanu ndi limodzi, kwa masekondi 20. Palinso kudzutsidwa pakati pa usiku, popeza makina a banki kapena a chipatala akaima sadikira kuti kuche. M'chaka cha 2021 bungwe la za umoyo la WHO pamodzi ndi bungwe la za ntchito la ILO analengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata kumaonjezera ngozi ya sitiroko ndi magawo 35 pa 100 alionse, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Ndipo munthu wosagona ndiye amene amaiŵala kudzifunsa kuti kodi makina akaima wina n'kudinanso batani, chichitike n'chiyani. Bwana amene amaumira wolemba mapulogalamu tulo akubzala cholakwa chimene adzakolola ndi anthu ena.

Yankho lachiŵiri lili m'malamulo. Lamulo la 1984 la ku England ndi Wales linkafuna kuti wobweretsa umboni wa kompyuta pa mlandu aonetse kaye kuti kompyutayo inkagwira bwino ntchito. Ndime imeneyi inachotsedwa ndi lamulo lina la 1999, chaka chomwecho chimene Horizon inayamba. Kuyambira pamenepo mabwalo a milandu anayamba kuyesa kompyuta ngati yolondola pokhapokha wina atabweretsa umboni wotsutsa. Koma kodi mwini sitolo wa kumudzi akanautenga kuti umboni wotero, pamene kaundula wa zolakwika zonse anali m'manja mwa kampani ndi mwa omwe ankamuimba mlandu? Choonjezera apo, Positi Ofesi inkafufuza yokha ndi kuzenga yokha milandu yambiri, osadzera kwa apolisi. Wodandaula, wofufuza ndi wosunga umboni anali munthu mmodzi.

Apa m'pamene wolemba mapulogalamu amasanduka mboni, afune asafune, pakuti ndi iye yekha amene amadziŵa za m'mimba mwa makina. Akatswiri aŵiri a kampani ya Fujitsu akuonetsa njira ziŵiri. Bambo Gareth Jenkins anaperekera umboni Positi Ofesi pa milandu ingapo, kuphatikizapo wa Mayi Misra. M'chaka cha 2013 loya wina analangiza Positi Ofesi kuti katswiriyu sanaulule m'mabwalo zolakwika zina zimene ankazidziŵa, ndipo kuti asagwiritsidwenso ntchito ngati mboni. Iye mwini anauza bungwe lofufuza mu 2024 kuti sanafotokozeredwe udindo wa mboni ya ukatswiri, umene uli woti katswiri atumikire bwalo, osati womulemba ntchito. Winayo ndi Bambo Richard Roll, amene anagwirapo ntchito yokonza zolakwika za Horizon. Mu 2015 iye anaulula pa wailesi ya kanema ya BBC kuti akatswiri a kampaniyo ankatha kuloŵa m'maakaunti a nthambi ali kutali ndi kusintha manambala, chinthu chimene Positi Ofesi inkakana. Mu 2019 anakabwereza mau omwewo m'bwalo atalumbira.

Akuluakulu anati mlandu suola. Bambo Alan Bates, amene analandidwa positi ofesi yawo ku Wales mu 2003 atakana kuvomereza manambala a makina, anasonkhanitsa anzawo m'holo ya mudzi wa Fenny Compton mu 2009, ndipo kumeneko aliyense anazindikira kuti sanali yekha. Anthu 555 anasumira Positi Ofesi pamodzi, ndipo mu Disembala 2019 woŵeruza Peter Fraser anagamula kuti Horizon inalidi ndi zolakwika zotha kubweretsa kusiyana kwa maakaunti. Mu Epulo 2021 bwalo la apilo linafafaniza milandu ya anthu 39, ndipo Mayi Misra anali mmodzi wa iwo. Mu 2024 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo lapadera loyeretsa mazana a anthu pa nthaŵi imodzi. Koma pepani sapoletsa chilonda. Lipoti la Sir Wyn Williams la mu Julayi 2025 linanena kuti anthu osachepera 13 akuganiziridwa kuti anadzipha chifukwa cha nkhaniyi, ndipo ena ambiri anamwalira asanamve kuti dzina lawo layera.

Nkhani ya kutali imeneyi ili ndi mau kwa omvera a kuno kwathu. Pa msika uliwonse pali ejenti wotumiza ndi kulandira ndalama za pa lamya, amene mpamba wake wonse uli m'manambala a pa galasi. Pali kalaliki wa sitolo, wa banki ndi wa chipatala amene kukhulupirika kwake kumayesedwa ndi makina. Ndipo lamulo la dziko la Malaŵi la 2016 lokhudza zochitika pa makompyuta limalola kuti uthenga wa pa makina ukhale umboni m'bwalo. Wogwira ntchito yotere achita bwino kusunga kabuku kake ka pepala, kulembamo tsiku, nthaŵi ndi chilichonse chachilendo chimene makina achita, ndi kufunsa anzake ngati nawonso akuona zomwezo. Woŵeruza ndi loya ayenera kufunsa kuti kaundula wa zolakwika za makina ali kuti, ndipo ndani wina amene angaloŵe m'maakaunti. Wolemba anthu ntchito apereke nthaŵi yoyesa pulogalamu ndi nthaŵi yogona.

Mau otsiriza apite kwa mnyamata ndi mtsikana amene akuphunzira ntchito imeneyi m'makoleji. Chenjezo lililonse limene angapereke kwa bwana wake alipereke molemba ndipo asunge kalata yake. Cholakwa chikapezeka asachibise, pakuti pulogalamu yopanda cholakwa ndi yosoŵa, koma cholakwa chobisidwa ndicho chimamangitsa anthu. Akaitanidwa ku bwalo anene zonse zimene akudziŵa, zokomera kampani ndi zosaikomera zomwe. Nambala ili pa galasi sidziŵa kulumbira, sichita manyazi, ndipo singafunsidwe mafunso. Amene angayankhe m'malo mwake ndi munthu amene anailemba.