NAMONDWE, BOMA NDI BUKU LA MAINA

Nkhani ya madzulo ano ikupita kwa anthu a ku Jumbo, mgodi wa golidi wa m'cigwa ca Mazowe, ndi kwa anansi ao a ku migodi ya ku Bindura ndi ku Shamva, amene makolo ao anacokera kutsidya kwa Zambezi. Ndi nkhani ya namondwe, ndi ya thandizo limene Boma lipereka kwa anthu ace pamene mphepo ndi madzi zaphwasula midzi.

Wina angafunse kuti namondwe awakhudza bwanji anthu a ku Jumbo, popeza nyanja ili kutali ndipo komboni yao sinagwe. Nzoona kuti mphepo zazikuru za zaka zapitazi zinagwera kwina. Koma anthu a ku Jumbo ali ndi maiko awiri. Agogo ao anafika ku Southern Rhodesia, dziko limene lero lichedwa Zimbabwe, ena pa miyendo podzera ku Tete, ena pa magalimoto a Ulere, ena atalembedwa ndi Mthandizi. Anadza ndi mtima wakuti adzabwerera atapeza ndalama za msonkho ndi za njinga. Koma ambiri anakwatira, nabala ana, naikidwa m'manda a pa mgodi, ndipo kwao ku Nyasaland anawacha machona. Zidzukulu zao zilankhula Cishona pa msika, Cinyanja pa maliro ndi ku dambwe. Namondwe akagwa kum'mawa kwa Zimbabwe wagwera dziko limene iwo akhalamo. Akagwa ku Mulanje kapena ku Nsanje wagwera abale a mimba imodzi ndi agogo ao. Cifukwa cace nkoyenera kuti adziwe mayendedwe a thandizo la Boma, ndi malo amene iwo aimapo pa njira yace.

Usiku wa pa 14 March, 2019, namondwe amene odziwa za nyengo anamucha Idai anaturuka m'nyanja nagwera mzinda wa Beira. Masiku a m'mbuyo mwace mvula ya mphepo yomweyo inali itadzaza kale mitsinje ya kum'mwera kwa Malawi, kumene anthu 60 anafa. Usiku wotsatira Idai anafika m'mapiri a Chimanimani ndi Chipinge. Ku Ngangu phiri linatsika ndi matope ndi miyala yaikuru, nilikwirira anthu ali m'tulo. Ku Kopa, kumene mitsinje ikomana, madzi anasesa nyumba ndi masitolo, ndipo mitembo ina inakapezeka kutali m'dziko la Mozambique, niikidwa komweko ndi anthu osaidziwa. Akufa m'Zimbabwe anaposa 340, ndipo mazana ena sanaonekenso. Okalamba ocokera ku Nyasaland alidziwa dzina la cinthu cotere. Ndi Napolo, amene anatsika m'phiri la Zomba mu December 1946, natsikanso ku Phalombe mu March 1991.

Tsono Boma licita ciani pa tsiku lotere? Nchito yace yoyamba ndi mau. Mtsogoleri wa dziko alengeza kuti dziko lili pa ngozi, monga anacitira Pulezidenti Emmerson Mnangagwa potsata lamulo loteteza anthu pa ngozi la caka ca 1989. Mau amenewa si mwambo cabe ai. Ndiwo atsegula thumba la ndalama za Boma, ndiwo aturutsa asilikari m'makampu mwao, ndiwonso auza maiko ena kuti khomo la thandizo latseguka. Pambuyo pa mauwo zidza ndege zonyamula obvulala, makina okankha miyala pa miseu, ndi amisiri omanga milatho.

Thandizo la mtundu uwu silisankha munthu. Mlatho sufunsa woolokapo kuti atate wace anabadwira kuti, ndipo msilikari wotambasula dzanja kwa munthu amene ali pa mtengo pakati pa madzi samfunsa citupa. Koma madzi akaphwa liyamba thandizo la mtundu wina, ndilo thumba la ufa, bulangete, hema, mbeu, malo atsopano ndi nyumba. Zinthu izi ziwerengeka, ndipo cinthu cowerengeka ciyenda ndi buku. Akuru a pa Boma atuma anthu kukalemba mabanja amene aonongekedwa. Olembawo afunsa mafumu ndi makhansala. Ndipo galimoto ya ufa ikafika, woitana aitana maina amene ali m'bukumo. Ashona amucha mfumu ya mudzi sabhuku, ndiko kunena mwini buku, dzina limene linayamba ndi buku la msonkho. Munthu wa pa mgodi kapena wa pa famu alibe sabhuku. Buku lace linali la kampani, ndipo kampani ikaleka kukumba, buku lija likhala m'kabati.

Ngakhale kwa olembedwa, thandizo silinafike msanga monga anthu anayembekezera. Banki Yaikuru ya pa Dziko Lonse inapereka madola 72 miliyoni a ku America kuti akonzere madera amene Idai anaononga. Koma popeza Zimbabwe inali ndi ngongole zosabweza ku bankiyo, ndalamazo sizinadzere m'manja mwa Boma, zinadzera m'mabungwe a United Nations. Mabanja ena a ku Chimanimani anakhala m'mahema zaka zoposa ziwiri asanalandire nyumba ku malo ochedwa Runyararo. Hema apangira milungu yowerengeka, ndipo mwana wobadwira m'hema anayamba kuyenda ndi kulankhula ali momwemo. Cina cimene madzi anatenga ndi mapepala, kotero kuti Boma linatuma alembi a kaundula kumapiriko kukapatsa anthu zitupa zatsopano, pozindikira kuti wopanda citupa abvutika kulandira ndalama, kulembetsa mwana mayeso, ngakhale kulembetsa imfa ya mwamuna wace.

Apa ndipo nkhani ifika pa khomo la a ku Jumbo. Wa ku Chimanimani anataya citupa cimene anali naco. Ambiri a m'makomboni a migodi sanakhale naco ciyambire, kapena ali naco colembedwa kuti iwo ndi alendo. M'caka ca 2001 Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe inasintha lamulo la unzika, nilamula kuti ali yense amene dziko lina lingamuwerenge ngati wace alikane dzikolo m'miyezi 6. Anthu obadwira pa mgodi, amene sanaonepo Nyanja ya Malawi ndi maso, anauzidwa kuti akane dziko limene silinawalembepo. Ambiri sanamve, ena sanathe, ndipo anadzuka ali alendo m'dziko lobadwira. Malamulo akuru oyendetsera dziko a caka ca 2013 anakonza cinthu cimeneci: ndime 43 inena kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanaturuke, amene kholo lace linali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC, monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndipo iye anali kukhala m'Zimbabwe, ndi nzika ya Zimbabwe mwa kubadwa. Lamulo ndi labwino. Koma lamulo lili m'buku la ku Harare, ndipo citupa cakale cili m'thumba la munthu kufikira iye mwini atapita naco ku ofesi kukacisintha. Mai wopanda citupa abala mwana wopanda citupa, ndipo bvutolo litsika mibadwo monga nthenda ya m'banja.

A ku Bindura akumbukira za mgodi wa Ran, umene unagumuka mu November 2020 anthu ali pansi. Opulumutsa atafika sanathe kunena motsimikiza ciwerengero ca okwiririka, cifukwa panalibe buku la olowa. Sikunali namondwe, koma mabanja amene anaima pakamwa pa mgodiwo anaona cimene cicitika pamene Boma lifunsa maina ndipo palibe anawalemba.

Nanga Boma la ku Malawi? Pa 11 March, 2023, namondwe Freddy, amene anayenda pa nyanja ndi pa mtunda milungu yoposa isanu, anagwera ku Quelimane, nakwera kumka ku Malawi. Ku Blantyre matope a m'phiri la Soche anakwirira nyumba za ku Chilobwe. Ku Chiradzulu, Mulanje, Phalombe, Chikwawa ndi Nsanje midzi yathunthu inapita. Pa 13 March, Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza kuti maboma a kum'mwera ali pa ngozi, ndipo pambuyo pace analamulanso masiku 14 a kulira. Akufa pamodzi ndi osowa anaposa 1,000, ndipo anthu oposa 650,000 anathawira m'misasa, yambiri ya iyo m'masukulu ndi m'machalichi. Nthambi ya Boma yoona za ngozi inagawa ufa, nyemba ndi mabulangete, potsata maina olembedwa ndi makomiti a m'midzi. Tanzania ndi Zambia anatumiza ndege ndi cakudya. Zimbabwe inatumiza matani 300 a ufa, ndipo Pulezidenti Mnangagwa anapita yekha kukapepesa. M'caka comweco Nyumba ya Malamulo ya Malawi inapanga lamulo latsopano la za ngozi, m'malo mwa lija la 1991 limene linabadwa ndi Napolo wa ku Phalombe.

Munthu wa ku Jumbo amene anamva maina a maboma amenewa pa wailesi anamva maina a kwao. Koma ayenera kudziwa kuti thandizo la Boma litsata nthaka imene yaonongeka, silitsata mwazi. Boma la Malawi lidyetsa amene liwapeza m'misasa ya ku Phalombe. Silitumiza thumba la ufa kwa mdzukulu wa ku Mazowe amene azakhali ace anakokoloka. Njira iyenda mobwerera: wa pa mgodi ndiye atumiza ndalama, monga anacitira agogo ace ndi positi. Ndipo akafuna kukakhuza maliro, njira ya ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza imfunsa pasipoti pa malire ali onse. Wopanda citupa sapeza pasipoti, ndipo maliro a mbale wace awalirira m'komboni.

Maiko a kutali ali ndi zace zofanana ndi izi, ngakhale iwo ndi olemera. Britain, France ndi Netherlands akali ndi zisumbu kutsidya kwa nyanja zimene azilamulira, ndipo anthu a pa zisumbuzo ayang'ana ku London, ku Paris kapena ku The Hague mphepo ikawagwera. Mu September 2017 namondwe Irma anaphwasula zisumbu za Anguilla, British Virgin Islands ndi Saint Martin m'nyanja ya Caribbean. Britain inatumiza zombo ndi asilikari, nilonjeza poyamba mapaundi 32 miliyoni. Koma panauka mkangano, cifukwa malamulo a maiko opereka thandizo anati zisumbuzo ndi zolemera, sizingawerengedwe pa thumba la maiko osauka. Anthu anali pa dzuwa opanda madenga pamene akuru anali kutsutsana za thumba loyenera kutsegulidwa.

Capafupi ndi cisumbu ca Mayotte, pakati pa Mozambique ndi Madagascar, cimene ndi gawo la France. Namondwe Chido anacigwera pa 14 December, 2024. Pa cisumbuco pali anthu ambiri ocokera ku zisumbu za Comoros, okhala m'tinyumba ta malata pa mapiri, opanda mapepala. Boma linacenjeza, nilitsegula masukulu kuti anthu abisalemo. Koma ambiri a osalembedwawo anaopa kuti akalowa adzagwidwa ndi kubwezedwa kwao, natsala m'malata mwao. Boma linawerenga akufa pafupi 40, ndipo ambiri a pa cisumbupo sanakhulupirire ciwerengeroco. Pulezidenti Emmanuel Macron anafika patapita masiku 5, nalandiridwa ndi anthu aukali ofuna madzi akumwa. Ngati dziko lamphamvu monga France lilephera kuwerenga amene silinawalembe, Boma la kuno silidzaposa apo.

Asaganize a ku Jumbo kuti mphepo yotere singafike dera lao. Mu January 2022 namondwe Ana anagwetsa mlatho wa pa mtsinje wa Revubue ku Tete, naononga damu la magetsi la Kapichira pa Shire, ndipo mvula yace inagwetsa nyumba ndi kuononga miseu m'cigawo comwe cino ca Mashonaland Central. Nthaka ya m'cigwa ca Mazowe yabooledwa maenje ndi ofuna golidi, ndipo nyumba zambiri za m'komboni ndi zokalamba. Mvula ya masiku atatu ikhoza kucita pano zimene mphepo inacita kwina.

Cimene banja lingacite cilipo, ndipo nthawi yace ndi ya dzuwa, mvula isanayambe. Amene citupa cace cikali kunena kuti ndi mlendo, ndipo anabadwira m'dziko muno, apite ku ofesi ya kaundula ku Concession kapena ku Bindura ndi kalata yace ya kubadwa, akapemphe kuti cisinthidwe monga mwa ndime 43. Mwana alembetsedwe akali wakhanda, kalata ya ku cipatala isanataike. Pamene kalata palibe, alembi afuna mboni zodziwa za kubadwa kwace, ndipo mboni zabwino ndi okalamba a m'komboni, amene acepa caka ndi caka. Amene afuna kusunga ubale wace ndi Malawi akafunse ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Harare, pakuti mu December 2018 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inabvomereza kuti munthu akhoza kukhala nzika ya maiko awiri. Akuru a machalichi, a mizikiti ndi a mabungwe a maliro, amene asunga kale maina a anthu ao, angacite bwino kudziwana ndi khansala wa dera lao, kuti tsiku la kulemba likafika buku likhale lokonzeka.

Anamondwe a m'nyanja ya India adza pakati pa November ndi April. Mapepala a banja lonse akulungidwe m'pulasitiki, aikidwe m'citini cotseka bwino pamalo okwera, ndipo mwana wamkuru wa m'nyumbamo adziwe pamene citinico cikhala.