Magetsi Asadalire Mtsinje Umodzi

Mau okambidwa kwa mafumu ndi aphunzitsi a ku Magaleta, m'boma la Neno.

Magetsi ambiri a dziko lino achokera mu mtsinje umodzi, ndiwo Shire. Makina oyamba anaikidwa pa Nkula m'chaka cha 1966, ndipo pambuyo pake ena anaikidwa pa Tedzani ndi pa Kapichira. Madzi otsika pa mathithi ndiwo azunguza makinawo. Tsono Shire akavuta, dziko lonse livutika naye. M'chaka cha 2017 madzi anachepa, ndipo magetsi ankazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Zigayo zambiri zinkaima, ndi ntchito za m'zipatala zinavuta.

Koma njira zina zilipo. Yoyamba ndiyo majenereta a dizilo, onga amene anabwerekedwa m'chaka cha 2018. Iwo athandiza msanga, koma mafuta ake agulidwa kunja pa mtengo waukulu. Yachiwiri ndiyo dzuwa. Ku Salima makina a sola a mamegawati 60 anayamba ntchito mu 2021, ndipo a ku Golomoti, a mamegawati 20, ali ndi mabatire osungiramo mphamvu. Yachitatu ndiyo mitsinje yaing'ono: ku Bondo, m'boma la Mulanje, mtsinje wa Lichenya uunikira midzi. Ingakhale mphepo igwira ntchito, monga anaonetsera William Kamkwamba wa ku Kasungu ndi zitsulo za njinga.

Kwa anthu a ku Magaleta njira yapafupi ndiyo dzuwa. Komiti ya sukulu ingathe kusonkha ndalama ndi kugula sola ndi batire, kuti ana aziwerenga madzulo. Solayo aiike pamalo opanda mthunzi, yopendekera kumpoto, ndipo aziipukuta fumbi. Batire asamaigwiritse ntchito mpaka kutheratu, pakuti ikatero ifa msanga. Amene ali ndi jenereta asailize m'nyumba ai, chifukwa utsi wake upha munthu ali m'tulo.

Potsiriza, mafumu akumbutse anthu ao kuti mitsinje ya m'Neno ithira mu Shire. Mitengo ikatha ndi makala, dothi likokolokera komweko ndi kukwirira madamu. Chotero wosamala nkhalango ya kwao asamalanso magetsi a dziko lonse.