DZINA LA KENNEDY PA MASANKHO A KU AMEREKA

Nkhani yathu ya madzulo ano iri ya dziko la United States, limene ambiri a ife tingolicha Amereka, ndi ya mphamvu imene dzina la banja liri nayo kumeneko pa tsiku la masankho.

Pamene anthu a ku Amereka anakana kulamulidwa ndi Mfumu ya ku England m'caka ca 1776, anakananso ufumu wobadwa nao. M'malamulo akuru a dziko lao, amene analembedwa m'caka ca 1787, muli mau oletsa Boma kupatsa munthu ali yense dzina la ulemu longa aja a ku England amene mwana alandira atamwalira atate wace. Koma munthu akawerenga maina a maPulezidenti ao adzapeza maina ena alikubwera kawiri. John Adams analamula kuyambira 1797, ndipo mwana wace John Quincy Adams kuyambira 1825. William Henry Harrison anakhala pa mpando mwezi umodzi wokha m'caka ca 1841 namwalira, mdzukulu wace Benjamin nadzaukhala m'caka ca 1889. Panali a Roosevelt awiri, abale a patali, wina wa cipani ca Republican wina wa Democratic. Panalinso a Bush awiri, atate ndi mwana. Panali a Johnson awiri, Andrew ndi Lyndon, onse analowa m'malo mwa Pulezidenti wophedwa ndi mfuti, koma awa sanali pa cibale konse. Ife kuno sitidabwa nazo zotere. Kamuzu Banda, Rupiah Banda ndi Joyce Banda onse analamula maiko, koma palibe amene aganiza kuti anali a nyumba imodzi.

Tsono ndifuna titsate dzina limodzi lokha, la Kennedy, m'cigawo cimodzi ca dzikolo cochedwa Massachusetts, cimene mzinda wace waukuru ndi Boston. M'menemo tidzaona bwino cimene dzina likhoza kucita ndi pamene lilekeza.

Makolo a banjali anacokera ku Ireland, monga anacitira anzao ambiri othawa njala yaikuru imene inagwa m'dzikomo mbatata zitaola m'minda m'zaka za m'ma 1840. Eni ace a Boston, mabanja olemera a mtundu wa Angerezi monga banja la Lodge, anawayang'ana ngati anthu oyenera nchito za manja basi. Koma a ku Ireland anacuruka, ndipo munthu wosauka ali ndi voti imodzi monganso wolemera. Mmodzi wa iwo, John Fitzgerald, anafika pokhala meya wa Boston. M'caka ca 1916 anayesa kulanda mpando wa m'nyumba ya malamulo yochedwa Senate, m'mene cigawo ciri conse citumiza anthu awiri, koma Henry Cabot Lodge anamgonjetsa. Mwana wamkazi wa Fitzgerald, dzina lace Rose, ndiye anakwatiwa ndi Joseph Kennedy, munthu amene anadzakhala wacuma kwambiri. Mwana wao waciwiri anamucha John Fitzgerald Kennedy. Cilembo cija F ca pakati ciimira ambuye ace a kucikazi, ndipo Acewa amene atsata kwa amai pa nkhani za ufumu adzamva msanga cifukwa cace anthu a ku Boston anamlandira mnyamatayo monga mwana wa pamudzi.

John Kennedy anayamba kufuna mpando m'caka ca 1946, ali ndi zaka 29, atabwera ku nkhondo. Pano ndiyenera kulongosola cinthu cimodzi. Ku Amereka, asanafike masankho eni-eni, cipani ciri conse ciyamba cacita masankho acece, kuti anthu wamba asankhe amene adzaimira cipanico. Pa masankho oyambawa onse opikisana ali a cipani cimodzi. Kotero wosankha alibe cizindikiro com'tsogolera, aona maina okha. Pakati pa amene anapikisana ndi Kennedy panali Joseph Russo, wa m'bungwe loyang'anira mzinda wa Boston, amene anayembekeza mavoti a anthu a mtundu wa Italy. Pofika tsikulo, pa pepala panali a Joseph Russo awiri! Winayo anali munthu wosadziwika konse, ndipo olemba mbiri ambiri anena kuti a mbali ya Kennedy ndiwo anamnyengerera kuti alembetse dzina lace ndi kugawa mavoti a mnzace. Kennedy anapambana ndi mavoti ocuruka kotero kuti cinyengo cotere sicinali cofunika. Koma citionetsa kuti anthu a ndale a ku Boston anadziwa bwino kuti osankha ambiri aponyera dzina osati munthu.

M'caka ca 1952 Kennedy anagonjetsa Henry Cabot Lodge wamng'ono, mdzukulu wa uja anagonjetsa ambuye ace, nalowa m'Senate. Dzina lace linamveka m'nyumba iri yonse ya m'cigawoco. Ndipo pamenepa panacitika cinthu cimene ena aciseka kufikira lero.

Panali munthu wina amene anali kapitao wa nyumba yosungiramo katundu pa kampani ya Gillette, ija ipanga malumo ometera ndebvu. Dzina lace linali John Francis Kennedy. Analibe cibale ndi Kennedy wa m'Senate, koma polemba mwacidule onse anali John F. Kennedy. M'caka ca 1954 analembetsa dzina lace kuti akhale msungi wa cuma ca cigawo conse ca Massachusetts. Akuru a cipani ca Democratic anali atasankha kale munthu wao. Kapitaoyo sanaononge ndalama zambiri pokopa anthu, komabe anamgonjetsa munthu wa akuruyo, napambananso masankho eni-eni. Anamsankhanso m'caka ca 1956, ndiponso m'caka ca 1958. Zaka zisanu ndi cimodzi cuma ca cigawoco cinali m'manja mwace.

Kodi anthu a ku Massachusetts anali opusa? Iai. Ciripo cifukwa cace. Pepala la masankho la ku Amereka liri lalitali kwambiri. Tsiku limodzi munthu asankha bwanamkubwa wa cigawo, waciwiri wace, mkuru wa milandu, msungi wa cuma, woyang'anira mabuku a ndalama, aphungu a nyumba zingapo, ndi ena otero. Munthu amene wacokera ku nchito atatopa adziwa maina awiri kapena atatu a pamwamba. Akatsikira m'munsi apeza maina acilendo okha-okha, ndipo diso lace ligwera pa dzina limene analimvapo. Ena anayesa kuti aponyera Kennedy wa m'Senate. Ena anadziwa kuti si iye, koma anati m'mtima mwao, dzina ili ndi la kwathu. M'caka ca 1960 kapitao uja anakweza maso nafuna ubwanamkubwa, mpando umene anthu auyang'anitsitsa, ndipo pamenepo analephera. Caka comweco a John Kennedy ena awiri anathamangira mpando wa cuma umene iye anausiya, koma onse awiri anagwa.

Caka ca 1960 ndico cimene John Fitzgerald Kennedy anasankhidwa kukhala Pulezidenti, yemwe uja analandira Kenneth Kaunda ku White House m'mwezi wa April 1961, dziko lathu lisanalandire ufulu. Anaika mng'ono wace Robert, wa zaka 35, kukhala mkuru wa milandu wa dziko lonse. Ambiri anadandaula, ndipo m'caka ca 1967 aphungu anapanga lamulo loletsa wa udindo kupatsa mbale wace nchito m'cigawo ca Boma cimene iye ayang'anira. Koma nkhani yaikuru inali ya mpando wa m'Senate umene Pulezidenti anausiya. Mng'ono wao wotsiriza, Edward, amene anthu amucha Ted, anali ndi zaka 28, pamene lamulo liti wolowa m'Senate akhale ndi zaka 30. Tsono mpandowo unaperekedwa kwa Benjamin Smith, bwenzi la Pulezidenti la ku sukulu ya Harvard, amene anaukhala zaka ziwiri nausiya mwakacetecete. Anthu onse anaona kuti anali kungofunditsa mpando.

Masankho a 1962 anali ngati msonkhano wa mabanja. M'cipani mwace Ted anakomana ndi Edward McCormack, mkuru wa milandu wa cigawoco, amene atate wace anali mbale wa John McCormack, wa pa mpando wa nyumba ina ya malamulo ku Washington. Pa mtsutso umene unaonetsedwa pa wailesi ya kanema, McCormack anamloza cala mnzace namuuza kuti dzina lace likadakhala Edward Moore lokha, popanda Kennedy kumapeto, anthu akadaseka pomva kuti afuna mpando wotere. Ine ndiganiza kuti ananena zoona. Ted anali asanasankhidwepo pa mpando uli wonse, ndipo nchito imene anagwirapo inali yaing'ono, ya wothandiza woimba milandu. Koma oonera anamva cifundo ndi mnyamata amene anali kunyozedwa pamaso pao, ndipo anampatsa mavoti oposa kawiri a McCormack. Atatha apo anakomana ndi wa cipani ca Republican, ndipo ameneyo anali yani? George Cabot Lodge, mwana wa Lodge uja wa 1952. Ted anapambananso.

Apa mpamene nkhani ibvuta kuiweruza. Munthu amene analowa ndi dzina la abale ace anakhala m'Senate kufikira imfa yace m'mwezi wa August 2009, zaka pafupi-fupi 47, ndipo ngakhale adani ace anabvomera kuti anali mmodzi wa aphungu odziwa nchito koposa. Anatsogolera lamulo la 1965 limene linatsegula njira kwa anthu a ku Asia ndi Afrika ofuna kukakhala ku Amereka. Anagwira nchito pa lamulo la 1990 loteteza anthu opunduka, ndi la 1997 lothandiza ana a mabanja osauka kupeza cithandizo ca kucipatala. M'caka ca 1985 anapita ku South Africa ataitanidwa ndi Bishopu Desmond Tutu, ndipo anali mmodzi wa amene analimbikira lamulo la 1986 lokhaulitsa boma la tsankho la kumeneko, limene aphungu analikhazikitsa Pulezidenti Reagan atalikana. Koma dzina lomwelo linamchinjirizanso pamene munthu wamba sakadachinjirizidwa. M'mwezi wa July 1969 galimoto imene anali kuyendetsa usiku inagwa pa mlatho pa cisumbu ca Chappaquiddick, ndipo mai wa zaka 28 amene anali m'menemo anafera m'madzi. Iye anapulumuka, koma sanauze apolisi kufikira m'mawa mwace. Bwalo linamgamula miyezi iwiri ya ndende, nanena kuti asalowemo. Caka cotsatira anthu a ku Massachusetts anamsankhanso. Tisaiwale kuti pa nthawiyo akuru ace awiri anali ataphedwa, John m'caka ca 1963 ndi Robert m'caka ca 1968, ndipo anthu anali kulirabe. Kunja kwa cigawo cace sanamkhululukire msanga: m'caka ca 1980 anafuna kuimira cipani cace pa mpando wa Pulezidenti, Jimmy Carter namgonjetsa.

Mphamvu ya dzina icepa pamene amene analikonda alikutha. Kathleen, mwana wa Robert, analephera ubwanamkubwa wa cigawo ca Maryland m'caka ca 2002. M'caka ca 2020 Joseph Kennedy wacitatu, mdzukulu wa Robert, anafuna kulanda mpando wa m'Senate wa Edward Markey, nkhalamba ya cipani cace comwe, amene atate wace anali woyendetsa galimoto ya mkaka. Acinyamata ambiri, amene sanaone John kapena Robert ndi maso, anatsata nkhalambayo cifukwa ca mfundo zace za kusamala dziko ndi nyengo. Markey anapambana, ndipo aka kanali koyamba kuti wa banja la Kennedy agonje pa masankho m'Massachusetts.

Akuru athu amati cibale ndi pfupa, siciola, koma ndale za ku Amereka zinaliyesa pfupalo kolimba. Robert Kennedy wamng'ono, mwana wa Robert uja anaphedwa, anacoka m'cipani ca makolo ace m'caka ca 2023 nafuna u-Pulezidenti payekha. Abale ace ambiri, pamodzi ndi ena obadwa naye mimba imodzi, anaima poyera m'mwezi wa April 2024 nanena kuti iwo ali pambuyo pa Joe Biden. M'mwezi wa August anasiya mpikisanowo natsata Donald Trump, amene atapambana anamsankha kukhala nduna ya za umoyo. Madokotala ambiri anada nkhawa, popeza munthuyu anakhala zaka zambiri alikukayikitsa anthu za katemera. Mpando wotere ufuna cibvomerezo ca Senate. Caroline Kennedy, mwana wa Pulezidenti John Kennedy, analembera aphunguwo kalata yowapempha kuti amkane mbale waceyo. Pa 13 February 2025 anaponya mavoti: 52 anabvomera, 48 anakana. Aphungu onse a cipani ca Democratic, cipani ca atate wace, anali pakati pa okana. Pakati pa obvomera panali phungu wa cigawo ca Louisiana, wa cipani ca Republican, amene analowa m'Senate m'caka ca 2017 ndipo alibe cibale ciri conse ndi banja la ku Boston. Dzina lace ndi John Kennedy.