WOTCHI YA PAMKONO NDI MADZI A KU NKHUDZI

Pa doko la Nkhudzi, pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay, msodzi sanasoŵepo choŵerengera nthaŵi. Mwezi ukakhala kumdima amadziŵa kuti usipa ubwera ku nyali. Nthanda ikatuluka amadziŵa kuti kunja kuli pafupi kucha. Komabe nsomba zikayenda malonda, ndalama n'kutsalako, amuna ambiri amalakalaka wotchi ya pamkono yaulemu, yoti tsiku lina adzasiyire mwana. Ndalama zimenezo munthu wazipeza pochezera panyanja usiku wonse, motero n'koyenera kuti adziŵe chimene akugula.

Wotchi si chinthu chachilendo ku Mangochi. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, bomalo likutchedwabe Fort Johnston. Koma m'midzi wotchi ya pamkono inafala makamaka ndi anthu obwera ku Joni. Mnyamata wochokera ku Wenela ankadziŵika ndi sutikesi, chipeŵa ndi wotchi yonyezimira, ndipo ankapinda mkono wa malaya kuti anthu aione. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70. Unayambanso mu 1977 pa dzina la TEBA, n'kudzatha mu 1988. Mawotchi ena a masiku amenewo akadali m'mabokosi a agogo, ndipo ena akuyendabe, chifukwa anapangidwa kuti azitsegulidwa, kutsukidwa ndi kukonzedwa.

Mawotchi alipo a mitundu iŵiri. Woyamba ndi wopanda batire: m'kati mwake muli kachitsulo kopindidwa mozungulira, kamene kamamasuka pang'onopang'ono ndi kuyendetsa timawilo tamano. Ina mwiniwake amaipukusa ndi zala m'maŵa uliwonse. Ina imadzipukusa yokha mkono ukamagwedezeka, monga Seiko 5 imene inayamba kupangidwa ku Japan mu 1963. Mau akuti “17 jewels” olembedwa pankhope pake sanena za chuma ayi. Ndi timiyala tolimba, topangidwa m'fakitale, toteteza kuti zitsulo zisaperesane. Mtundu wachiŵiri ndi wa batire, wotchedwa quartz, umene Seiko yomweyo inautulutsa pa 25 Disembala 1969. M'menemo muli kamwala kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi. Wotchi yopukusa imatha kutsala kapena kutsogola ndi masekondi angapo pa tsiku, pamene ya batire imaphonya masekondi ochepa pa mwezi wathunthu. Wogula adziŵiretu tsono kuti wotchi yodula siisunga nthaŵi kuposa yotsika mtengo. Chimene akulipira ndi luso la manja, kulimba kwa zitsulo ndi dzina la mmisiri.

Dzinalo lili ndi mbiri yake. Wotchi ya batire itafala, mafakitale ambiri a ku Switzerland anagwa. Mu 1970 anthu ogwira ntchito ya mawotchi m'dzikomo anali pafupifupi 90,000, koma pofika cha m'ma 1985 anatsala pafupifupi 30,000. Maina otchuka monga Omega, Longines ndi Tissot anakhala pansi pa kampani imodzi yaikulu imene lero imatchedwa Swatch Group. Mabanja oŵerengeka okha ndi amene anagwiritsitsa ntchito yao. Audemars Piguet, imene inayamba mu 1875, ikadali m'manja mwa mabanja a eni ake oyamba, ndipo Patek Philippe yakhala ya banja la Stern kuyambira 1932. Koma mtengo wa wotchi imodzi ya ameneŵa ungagule maboti angapo ndi mainjini ake omwe. Mtengo wocheperapo uli kwa amisiri ngati Raymond Weil, amene anatsegula ntchito yake ku Geneva mu 1976, mavuto aja ali pachimake. Iye anamwalira mu 2014, ndipo chaka chomwecho mdzukulu wake, Elie Bernheim, anatenga utsogoleri.

Ubwino wa banja lotere ngwakuti dzina lolembedwa pa wotchi ndi dzina lao lomwe, ndipo chitonzo chikabwera chimagwera pakhomo pao. Koma banjalo lili ku Geneva, pamene wotchi idzakhala ku Nkhudzi, pakati pa madzi, mchenga ndi mamba a nsomba. Apa ndi pamene wogula ayenera kudekha.

Ayambe wafunsa za madzi. Wotchi yolembedwa mamita 30 imapirira mvula ndi madzi osamba m'manja basi. Yopita nayo panyanja ikhale ya mamita 100 kapena kuposa. Chimene chimatsekereza madzi ndi kamphira kozungulira chivundikiro, ndipo kamphirako kamakalamba. Nthunzi ikaoneka kunsi kwa galasi, wotchiyo ipite kwa mmisiri msanga dzimbiri lisanayambe. Lamba wachikopa amaola ndi madzi ndi thukuta. Wachitsulo chosachita dzimbiri ndiye woyenera kunyanja. Golide wongopaka amasupuka, wotchi n'kutsala yamathothomathotho.

Afunsenso za woikonza. Wotchi yopukusa imafuna kutsukidwa ndi kuthiridwa mafuta pakapita zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono. Amisiri ang'onoang'ono ambiri a ku Switzerland sapanga okha makina a m'kati. Amagula kwa ETA kapena Sellita. Zimenezi si zochititsa manyazi, ndipo kwa munthu wa kutali n'zothandiza, chifukwa makina ofala zipangizo zake zimapezeka. Munthu wanzeru, asanatulutse ndalama, amayamba wapita kwa wokonza mawotchi wa pa khonde la sitolo, ku Mangochi, ku Zomba kapena ku Limbe, ndi kumufunsa kuti: “Kodi bambo, wotchi ya mtundu wakutiwakuti ikaima mungaikonze?” Akagwedeza mutu kukana, wotchiyo idzangokhala chibangili. Safunsa anadya phula.

Achenjerenso ndi chinyengo. Wotchi ya dzina lalikulu yogulitsidwa pamseu pa mtengo wa beseni la usipa ndi yabodza, ngakhale inyezimire bwanji; chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yeniyeni imadza ndi risiti, chikalata chotsimikizira kuti ikaonongeka msanga adzaikonza, ndi nambala yake yozokotedwa kumbuyo. Wotumiza mbale wa ku Johannesburg kapena ku Cape Town kuti akamugulire amuuze kuti mapepala amenewo asasiye.

Chomaliza ndi thumba. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa panyanja kuti chambo chiswane, ndipo pakhomo pamaloŵa usiŵa. Ndalama ya wotchi isachokere pa ya ukonde, ya chimanga kapena ya fizi ya ana. Ngati itsaladi, msodzi agule wotchi yachitsulo, yosaloŵa madzi, imene mmisiri wapafupi akuidziŵa. Ndipo ngati m'bokosi la agogo muli ija ya ku Joni, ayambe waitengera kwa mmisiri. Kaŵirikaŵiri chimene imasoŵa ndi kutsukidwa ndi kadontho ka mafuta.