Mbaula, Zipsera ndi Nkhawa: Phunziro la Chisanu ku Minda ya Tiyi

Mwezi wa June ukafika, tiyi wa ku Honde Valley ndi ku Chipinge amaleka kuphukira msanga. Madengu sadzaza, ntchito yaikulu imatsala yodulira, ndipo aganyu ambiri amauzidwa kuti ayambe apuma kufikira mvula. M'makomboni a minda ngati Ratelshoek, Jersey ndi Zona ya kampani ya Tanganda, kapena Aberfoyle kuchigwa cha Honde, muli mabanja amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique kalekale. Ndi anthu otere amene mayi wina, mlangizi wa zaumoyo, anawasonkhanitsa masana ena dzuwa litafunda.

Atapereka ulemu kwa akuluakulu, analunjika pa mbaula. Anati zilonda zamoto zimachuluka nyengo yozizira chifukwa aliyense amafuna kusendera kufupi: mwana wokwawa amagwira makala, poto wa phala amagudubuka, chitenje chimayaka. Wodwala khunyu asawothe moto ali yekha, ndipo mbaula isagone m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wa makala sununkha koma umapha anthu ali m'tulo.

Kenaka anatenga ndowa ndi kapu, naitana kamtsikana kuti katambasule mkono. Anayamba kuthira madzi pang'onopang'ono, kapu ikatha kutunganso, osalekeza, mpaka ena anayamba kuseka kuti madzi akungowonongeka. Iye anati ndi mmene ziyenera kukhalira: munthu akapsa, pamalopo pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, chifukwa kutentha kumapitiriza kudya mnofu ngakhale moto utachoka. Mphete ndi zibangili zivulidwe pasanatupe, nsalu yomatirira pachilonda isasololedwe, ndipo wopsayo afunditsidwe thupi lonse lotsalalo kuti asazizidwe.

Agogo ena anafunsa za dzira laliwisi ndi mankhwala otsukira mano, zomwe ambiri amathamangira. Mlangizi anawayankha mwaulemu kuti agogo akhululuke, koma zimenezo, pamodzi ndi mafuta ophikira ndi phulusa, zimalowetsa tizilombo, ndipo chilonda chikachita mafinya chimachedwa kupola n'kusiya chipsera chachikulu. Matuza asaphulitsidwe. Wopsa kumaso, m'manja, kumaliseche kapena mopindika mwendo ndi mkono apite kuchipatala tsiku lomwelo, chimodzimodzi khanda lililonse, kaya ndi ku Hauna, ku Chipinge kapena kukiliniki ya pamunda.

Odulira tiyi sanawaiwale. Mpeni wodulira ndi wakuthwa, ndipo zitsa zodulidwa kumene zimang'amba miyendo. Bala litsukidwe ndi madzi oyera, lipakidwe Vaseline pang'ono, limangidwe ndi kansalu koyera kosinthidwa tsiku ndi tsiku. Ambiri amakhulupirira kuti bala limapola msanga likaumitsidwa ndi mphepo, koma khungu latsopano limamera bwino pamalo ofewa. Nkhanambo isatokosoledwe. Bala lakuya, lolowa dothi, likufunika kuti anamwino aone za katemera wa kafumbata.

Bala likatsekeka, ntchito siinathe. Chipsera chimasintha kwa chaka chathunthu kapena kuposerapo, kuchoka pa chofiira ndi cholimba kufika pa chofewa. Nthawi imeneyi chipakidwe mafuta ndi kusisitidwa ndi chala mozungulira, mphindi zochepa m'mawa ndi madzulo, komanso chibisidwe ku dzuwa ndi malaya kapena chipewa kuti chisade kwambiri. Anachenjeza za mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika, amene ena amakhala ndi mercury kapena mankhwala opyapyalitsa khungu. Ananenanso za zipsera zotupa zimene zimakula kupitirira bala, zomwe zimaoneka kawirikawiri pa anthu a khungu lakuda, makamaka pakhutu, pachifuwa ndi pamapewa. Banja limene lili ndi zipsera zotere lisamale ndi kuboola makutu ndi kutemera mphini, ndipo chotupacho chisadulidwe ndi lezala kunyumba, popeza chimabwerera chokulirapo.

Apa anaika kapu pansi, nati pali matenda ena a nyengo ino amene samangidwa ndi nsalu. Ndalama zikachepa, usiku n'kutalika, munthu amagona ndi maganizo: ngongole yakusitolo, fizi ya ana, abale otsala ku Mulanje kapena ku Thyolo amene sanawaone zaka zambiri. Ku Chipinge kuli ena amene akulirabe zimene namondwe wa Idai anachita mu March 2019. Mtsikana wa chipsera kumaso amayamba kuthawa anzake, bambo wopanda ganyu amakakhala kumowa.

Zothandiza zimene anatchula sizifuna ndalama. Kudzuka nthawi yake ngakhale kulibe ntchito, kusamba, kuwothera dzuwa lam'mawa, kupita kudimba, kusajomba kukwaya, kumzikiti kapena kugulu lothandizana pamaliro. Mowa umanamiza kuti thupi lafunda pomwe kutentha kukuthawa, ndipo nkhawa imadzuka nawe m'mawa. Koposa zonse anatsindika kulankhula ndi munthu wosunga chinsinsi. Anapereka chitsanzo cha Friendship Bench, ntchito imene Dr Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare mu 2006, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki kumvetsera mavuto a anthu ndi kuwathandiza kusankha loyamba kulithetsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti amene anacheza ndi agogowo anapepukidwa mumtima kuposa amene analandira chithandizo chanthawi zonse.

Bambo wina anadandaula kuti mwamuna akaulula zakukhosi amasekedwa. Mlangizi anati n'chifukwa chake ntchitoyi ikugwera anansi: woona mnzake wasiya kudya, sakugona, sakutuluka m'nyumba kwa masabata awiri, agogode pakhomo n'kumufunsa. Wolankhula zofuna kudzipha asasiyidwe yekha, mankhwala ophera tizilombo m'munda amuchotsere pafupi, ndipo aperekezedwe kuchipatala mosazengereza.

Potseka anapempha nyumba iliyonse kuti usiku womwewo itulutse mbaula panja isanagone, isunge chigubu cha madzi oyera pafupi ndi pophikira, ndiponso kuti aliyense akazonde mnansi mmodzi amene sanabwere kumsonkhanowo.